Alamu Yolira Dzuwa Lili Paliwombo

Galimoto ya bambo inayamba kulira yokha mwezi womwewo umene ndinawauza kuti pali mnyamata amene akundifuna. Ma alamu a anthu ena amalira mbava zikafika, koma yathuyi inkasankha masana, dzuwa lili paliwombo, bambo atangotsamira pampando kuti chakudya chitsike. Inkabaya m'makutu, nyali zonse zikuphethira, agalu a mumsewu wonse n'kuyankhira. Bambo ankatuluka opanda nsapato, kiyi ali m'manja, n'kupeza pabwalo palibe ngakhale mphaka.

Tsoka lake, amene anaika alamuyo ndi mnyamata wondifunayo. Amakonza zamagetsi a galimoto, ndipo aliyense amangomutchula kuti Wamawaya. Tinadziwana tsiku limene anabwera kudzaiika. Anandipempha kuti ndimugwirire tochi, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo tonse tinkadziwa kuti tochiyo sinkafunika. Ndinaigwirabe mpaka mkono unachita dzanzi.

Alamu itayamba misala yakeyi, iye anabwera kangapo. Ulendo woyamba anapala dzimbiri pamitu ya batire n'kumanga bwino. Ulendo wina anasintha kaswichi ka pansi pa boneti kamene kanadzaza fumbi. Kenako anachepetsa mphamvu ya kachipangizo kamene kamamva galimoto ikagwedezeka, poganiza kuti mwina malole odutsa mumsewu ndi amene akuidzidzimutsa. Ulendo uliwonse inkakhala chete masiku ochepa, ine n'kuyamba kupuma, kenako n'kuyambiranso. Ndinafika poti dzuwa likamakwera mtima wanga unkakweranso nalo.

*

Pali mnyamata wina amene bambo amamukonda ndipo amafuna kuti adzandikwatire, wogulitsa inshuwalansi, mwana wa mnzawo wakale. Ine ndimamutchula kuti Watayi, chifukwa sindinamuonepo khosi lake lili pamtunda. Iyeyu ali ndi luso lofika pakhomo nthawi ya tiyi, ndipo Lachitatu limenelo anafika alamu itangosiya kumene kulira, bambo akadali wefuwefu.

Anakhala, n'kupinda mwendo, n'kuyamba kulankhula mofatsa ngati sakufuna kunena kanthu. Anati iye sakudziwa zamawaya, koma zimene waona pa moyo wake n'zoti amisiri ena amasiya dala kavuto kuti aziitanidwaitanidwa. Anawonjezera kuti makamaka pakhomo pakakhala chinthu china chowakoka. Polankhula mawu omalizawo anayang'ana ine, n'kumwetulira m'kapu.

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa yankho la funso limene lamusowetsa tulo. Amayi, amene kuyambira pachiyambi anali kumbali yanga, anangoti bwanji alamuyo ingochotsedwa, anthu tipume. Anabwereza mawu omwewo kawiri, zimene si khalidwe lawo. Bambo anatembenukira kwa ine.

"Umuuze mnyamata wakoyo abwere Loweruka. Sindikufuna kumva zoti ndasintha chakuti. Andionetse ndi maso angawa chimene chikuliza galimoto yanga. Akalephera, ndidziwa kuti amachita dala, ndipo geti ili asadzaligwirenso."

Ndinafuna kuyankha, koma amayi ananditsina pansi pa tebulo. Bambo anga akanena chinthu Watayi akumva, sachibweza ngakhale atazindikira kuti alakwitsa.

*

Ndinamulembera Wamawaya zonse monga zinakhalira, osachotsa ngakhale za kumwetulira kwa m'kapu. Anayankha kuti abwera, ndipo ndisade nkhawa chifukwa waya sanama. Yankho limeneli linandikwiyitsa. Munthu ukuphulika mutu, mnzako n'kumakuuza za khalidwe la waya.

Ndiye ndinalemba chinthu chimene mawu a Watayi anandibzala mumtima. Ndinamufunsa kuti, pakati pa iye ndi ine, kodi palibedi chimene anasiya dala m'galimotomo kuti azindiona. Ndinaikapo kankhope koseka kuti zioneke ngati nthabwala.

Uthengawo anauwerenga nthawi yomweyo, koma sanayankhe. Ndinatsuka mbale, ndinasita zovala zimene zinali zositasita kale, foni ili m'thumba, ndikuimva ngati yanjenjemera pomwe sinanjenjemere. Yankho linabwera dzuwa likulowa.

"Bambo ako akandikayikira ndimamvetsa, sakundidziwa. Koma iwe?"

Ndinamuimbira, sanayankhe. Ndinapepesa pa uthenga, iye n'kungoti tionana Loweruka. Masiku otsalawo ndinakhala ndi mantha awiri, oti alephera kupeza vutolo, ndi oti akalipeza achoka osayang'ananso kumbuyo.

*

Loweruka anafika m'mawa, atavala ovolosi yochapa bwino, chikwama cha zida chili paphewa. Anapereka moni kwa bambo ndi ulemu wonse, kwa amayi chimodzimodzi, kwa ine anangogwedeza mutu ngati ndine mlendo wodzacheza. Bambo anatulutsa mpando n'kuuika pakhonde moyang'anizana ndi galimoto. Watayi naye sanachedwe, anafika ndi tayi yake pa Loweruka, n'kuima kumbuyo kwa mpandowo manja ali m'thumba.

Wamawaya anapempha kuti galimoto ikankhidwire padzuwa. Anafotokozera bambo kuti maulendo onse aja ankaiona m'mawa kukadali kozizira kapena pamthunzi, pomwe iyo imalira kukatentha, ndiye lero akufuna aipeze ikudwala. Bambo anati achite zimene akufuna, iwo maso ali nawo.

Anazimitsa chilichonse, n'kutseka zitseko, n'kumasula waya mmodzi wa batire ndi kulumikiza mita yake yoyezera magetsi pakati. Anati galimoto yozimitsidwa imayenera kumwa magetsi pang'ono chabe, ngati munthu wogona amene akungopuma. Anayang'ana mitayo nthawi yaitali, nkhope yake n'kusintha. Ndinadziwa kuti waona kanthu, chifukwa akaona kanthu amaluma mlomo wam'munsi.

Kenako anayamba kuzula limodzilimodzi mafyuzi, tizitsulo toteteza njira iliyonse ya magetsi. Akazula, ayang'ane mita, abwezere, azule lina. Watayi anaseka chapansipansi n'kunena kuti ntchito yotereyi ngakhale iye akhoza kuigwira. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, ndikupemphera kuti fyuzi lina lililonse livomere mlandu.

Amayi ndi amene ankandidabwitsa. Anabweretsa madzi akumwa, asanamwedwe anabweretsanso ena. Anafunsa Wamawaya ngati dzuwa silikumupweteka, ngati si bwino apitirize tsiku lina. Anamuuza kuti asavutike kumasula zambiri, galimotoyo ndi yakale. Ndinaganiza kuti akumumvera chisoni, ndipo ndinawakonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Atazula fyuzi la nyali ya m'kati, manambala a pa mita anatsika. Anaimirira, n'kupukuta manja, n'kuuza bambo kuti chimene chikumwa magetsi chili panjira ya nyali imene imayaka chitseko chikatsegulidwa, ndipo alamu imamvera njira yomweyo kuti idziwe ngati wina watsegula. Anati tsopano chatsala n'kulondola wayawo kuti aone pamene palakwika.

Bambo anayang'ana wotchi. Anali ndi ulendo wawo wa masana, wokaona anzawo opuma nawo pantchito, umene masiku amenewo sankauphonya. Anati akukasamba, ndipo akatuluka apeze chinthu chooneka. Watayi foni yake inalira, n'kutuluka nayo kunja kwa geti akulankhula mokweza kuti tonse timve kuti ndi munthu wotanganidwa.

*

Ndinapita pagalimoto. Wamawaya anali atagwada pachitseko chakumbuyo, akukanganula pulasitiki ya m'mbali mwa mpando. Sanandiyang'ane. Ndinamufunsa ngati akufuna tochi. Anatambasula dzanja n'kundipatsa, ndipo mtima wanga unatsikako pang'ono.

Alamu inalira pomwepo, tili chigwadire. Ndinalumpha mpaka kugunda mutu pachitseko. Iye sanatekeseke. Anagwira mtolo wa mawaya n'kuukweza pang'ono, alamu n'kusiya. Anautsitsa, n'kuyambiranso. Anaizimitsa, n'kulowetsa dzanja mkati, n'kutulutsa kabokosi kakuda kochepa ngati bokosi la machesi, kakulendewera pa mawaya awiri.

Anandionetsa pamene kanalumikizidwa. Wina anasenda waya wa chitseko, n'kupotokolerapo wa kabokosiko ndi zala, n'kukulunga ndi tepi yotchipa. Kukatentha tepiyo inkafewa n'kumasuka, waya wosendedwayo n'kukhudza chitsulo cha galimoto, ndipo alamu inkaona ngati chitseko chatsegulidwa. Kabokosiko n'komwenso kankamwa batire usana ndi usiku.

Ndinamufunsa kuti ndi kachiyani. Anatsitsa mawu.

"Aka n'kolondolera galimoto. Kamauza foni ya munthu wina kumene galimoto ili nthawi iliyonse. Si ine ndinakaika, ndipo si ntchito ya mmisiri wodziwa."

Mutu wanga unathamanga. Ndinakumbukira tsiku limene ndinabwereka galimotoyo n'kukakumana ndi Wamawaya pamalo omwera zoziziritsa kukhosi, Watayi n'kutulukira ngati wagwa kumwamba. Ndinakumbukiranso kuti anaitengapo kukaitsukitsa kwa mnzake, ati pofuna kuthandiza bambo. Mantha onse a sabata ija anasanduka chimwemwe chaukali. Ndinamuuza Wamawaya kuti asakagwirenso, akasiye momwemo, ndikukaitana bambo kuti adzaone mkamwini wawo wa tayiyo mmene alili.

*

Sindinafike kubafa. Amayi anandigwira mkono m'kanjira ka pakati pa khitchini ndi zipinda, n'kundikokera m'khitchini, n'kutseka chitseko. Anandifunsa chimene mnyamatayo wapeza, ndipo ndinayamba kuwafotokozera mothamanga za Watayi ndi ukazitape wake. Sanandilole kumaliza.

"Si iyeyo, mwanawe. Ndine."

Ndinawayang'ana osamvetsa. Anatulutsa foni yawo n'kundionetsa mapu okhala ndi kadontho kofiira kataima pabwalo pathu. Anati anakaikitsa kwa munthu wina wa m'mbali mwa msewu, tsiku limene bambo anawatuma kukagula mankhwala ndi galimotoyo. Sanaganize kuti kangakhudzane ndi alamu, ndipo alamu itayamba kulira anaopa kubwererako.

Anati bambo akamati akukaona anzawo, kadonthoko sikapita kwa anzawo. Kamapita pamsewu wina wa kuseri kwa msika, n'kuima pageti limodzimodzi mpaka madzulo. Anati sanalimbe mtima kupitako, sanalimbe mtima kufunsa, amangokhala m'khitchini muno kuyang'ana kadontho. Sindinawaonepo amayi anga akuoneka ochepa chonchi, ndipo zinandiwawa kuposa chilichonse cha tsiku limenelo.

"Bambo ako akadziwa kuti ndimawalondola, banja lino latha lero. Ukuwadziwa. Sadzafunsa kuti n'chifukwa chiyani, adzangomva kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa ana a eni."

Ndinawakumbutsa zimene bambo ananena Lachitatu, kuti mnyamatayo akapanda kuonetsa chinthu sadzapondanso pano. Anati akudziwa. Anati sakundiuza chochita, n'kuyamba kulira mopanda mawu, akupukuta maso ndi nsalu ya mbale. Madzi a kubafa anasiya kutsika.

*

Ndinathamangira kunja. Ndinali ndi kanthawi kochepa koti bambo avale malaya. Ndinagwada pafupi ndi Wamawaya ngati ndikumuunikira, n'kumunong'oneza zonse m'mawu ochepa, oduka. Sindinamupemphe kanthu. Ndikanamupempha bwanji, ine amene ndinamufunsa masiku apitawa ngati amachita zachinyengo? Ndinangomuuza, n'kusiya katunduyo m'manja mwake, ndipo ndinadziona kuti ndine wamantha.

Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo, maso ndi maso. Kenako anatenga pulayala, n'kudula mawaya awiri aja, n'kuponya kabokosiko m'thumba la pachifuwa la ovolosi. Waya wa chitseko anaulumikiza bwino, n'kuuveka kachubu kapulasitiki, n'kuumangirira kutali ndi chitsulo.

Bambo anatuluka akununkhira sopo, n'kukhala pampando wawo kuti amange nsapato. Watayi anabwerera kuchokera kugeti. Amayi anatuluka ndi thireyi ya makapu imene palibe anaipempha, n'kuiika pakatebulo pafupi ndi bambo, foni yawo ili pambali pa makapuwo. Bambo anafunsa ngati pali choti aone.

Wamawaya anawatengera pachitseko chakumbuyo n'kuwaonetsa tepi yosungunukayo ndi pamene waya ankakhudza chitsulo. Anawafotokozera za kutentha, mofatsa, mpaka bambo anagwedeza mutu kuti amva. Anati tsopano alamu sidzaliranso yokha. Bambo anaigwira tepiyo, n'kuitembenuza, n'kufunsa funso limene ndinkaliopa.

"Chabwino. Nanga anasenda waya ameneyu n'kumukulunga ngati chilonda cha mbuzi ndi ndani?"

Amayi anagwira mzati wa khonde.

"Ndine, bambo," anatero Wamawaya. "Ndinalumikiza mothamanga tsiku loika alamu. Ndalakwa ndine."

Watayi anatulutsa mpweya m'mphuno, n'kukonza tayi. Bambo sanakweze mawu, ndipo bambo anga akapanda kukweza mawu ndiye kuti zafika poipa. Anati munthu amene wabwera kangapo n'kumasintha zina pomwe akudziwa pamene anasiya chilonda, ndiye kuti ankadziwa chimene akuchita. Anati akuyamikira kuti wavomera, koma mawu awo a Lachitatu ali pomwepo. Anamuuza kuti atenge zida zake.

Ndinatsegula pakamwa. Wamawaya anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, mwakuti ndine ndekha ndinaona. Analongedza mita ndi pulayala, anatsanzika bambo, anatsanzika amayi, n'kuyenda kupita kugeti. Munthu amene ntchito yake ndiyo dzina lake anali atangodzipaka matope pamaso pa mdani wake chifukwa cha amayi anga. Ndinamukonda nthawi imeneyo mpaka kumva kupweteka, ndipo ndinalibe njira yomuuzira.

Geti linatsekeka. Watayi anayamba kunena kuti ali ndi mnzake wodziwadi zamagetsi amene angadzaionenso galimotoyo, koma bambo anamudula kuti akwana nazo. Anabwerera pampando kuti atenge chipewa.

*

Foni ya amayi inalira pathireyi.

Sikunali kulira kwa uthenga wamba. Kunali kulira kobwerezabwereza, kosaleza, ndipo foniyo inkanjenjemera mpaka kugunda makapu. Pamenepo ndinakumbukira zimene Wamawaya anandiuzapo tsiku lina tikucheza, kuti tizipangizo totere timakhala ndi kabatire kakekake, ndipo tikadulidwa mawaya timachenjeza mwini wake n'kupitiriza kunena kumene tili.

Amayi anachoka pamzati, koma bambo ndi amene anali pafupi. Anaitola kuti awapatsire, monga amachitira nthawi zonse. Maso awo anagwera pagalasi la foniyo. Dzanja limene linali litatambasuka kale linabwerera.

Anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa magalasi, n'kuvala mosafulumira. Ndinali pafupi moti ndinkaona mapu aja. Pamwamba pake panali mawu amene amayi analemba okha potchula galimotoyo, akuti Galimoto ya abambo. Kadontho kofiira kanali katatuluka pageti pathu, ndipo kankatsika ndi msewu pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda pansi atanyamula chikwama cha zida.

Bambo anayang'ana galimoto yawo ili phee padzuwa. Anayang'ananso foni. Watayi anasuzumira paphewa pawo.

"Mayi," anatero bambo, mawu ali pansi. "Galimoto yanga ndi iyi yaima apayi. Nanga iyi ikuyenda mu foni mwanuyi ikupita kuti, ndipo mwakhala mukuiyang'ana kuyambira liti?"